Mphaka wokalamba sanyamulidwa ngati mbaula

Mwana wamkazi wa mlongo wanga wapeza ntchito ku Lilongwe. Nyumba inapezeka msanga, chipinda chimodzi ndi pabalaza kuseri kwa nyumba ya alandilodi ku Area 25, mumpanda momwe muli mabanja ena atatu ndi agalu awiri. Bedi, matilesi, mbaula ndi mapoto, zonsezi zinapeza pokwera popanda wotsutsa. Chimene chinautsa mapokoso a sabata ziwiri pakhomo paja ku Zomba ndi mphaka wotuwa wa zaka 13, dzina lake Phulusa.

Anandiimbira usiku. "Amalume, tandiweruzireni mlandu uwu. Amayi akuti Phulusa atsale. Ine ndinamutola ndili sitandade 5, ali kamwana konyowa kuseri kwa khitchini. Mpaka lero amagona kumiyendo kwanga. Ndimusiye bwanji?"

Ndinamuyankha kuti atsale. Anadula foni osatsanzika, ndipo zimene sanandilole kunena usiku umenewo ndi zimene ndikulemba pano.

Choyamba mumudziwe Phulusayo. Alendo ambiri amene afikapo pakhomo paja sadziwa n'komwe kuti pali mphaka. Geti likangolira, iye ali kale pansi pa bedi. Mabingu a mvula yoyamba akagunda, mumuiwale mpaka mawa. Chaka chatha anamutengera ku katemera wa chiwewe ali m'katoni, ulendo wa mphindi 15 zokha pa kabaza. Pofika, katoni inali chonyowa ndi mkodzo, zikhadabo zitatulukira m'mabowo opumira. Atabwerera kunyumba analowa kuseri kwa kabati n'kukhala masiku awiri osalawa kanthu, ngakhale mutu wa usipa.

Koma mukamuona pamene palibe chomuopsa, ndi mwini mudzi. Dzuwa likamatuluka amakhala pamulu wa njerwa zimene zinatsala pomanga bafa. Likafika paliwombo amasamukira pansi pa mtengo wa mapeyala. Madzulo amayandikira mbaula, osati pafupi kwambiri, pamtunda womwewo tsiku lililonse ngati anayeza ndi tepi. Pafelemu la chitseko cha kukhitchini, cha m'munsi polekeza msongolo wa munthu, pali banga lakuda lamafutamafuta limene mlongo wanga wakwecha kambirimbiri koma limabwereranso. Ndi pamene Phulusa amakhulapo tsaya nthawi iliyonse akamadutsa.

Banga limenelo ndiye mutu wa nkhani yonseyi. Mphaka ali ndi tiziwalo m'masaya, pachibwano ndi pamphumi timene timatulutsa fungo loti mphuno ya munthu siimva. Akamadzikhula pa mwendo wa tebulo, pachitseko kapena pa mwendo wanu, akusiya chizindikiro choti pano ndapayendera, palibe choopsa. Nyumba imene ikununkhira iye mwini ndiyo imamukhazika mtima pansi. Makampani a mankhwala a ziweto anafika mpaka pokopera fungoli n'kumaligulitsa m'botolo, monga lija amalitcha Feliway, pofuna kunyenga mphaka kuti malo achilendo awaone ngati kwawo. Phulusa wakhala zaka 13 akulemba fungo lake pakhomo paja. Ku Area 25 akapeza makoma amene alembedwa kale ndi amphaka ena ndi agalu a alandilodi.

Vuto lathu n'loti timaganizira mphaka ndi nzeru za galu. Galu anachokera ku nyama zoyenda m'magulu, ndiye kwawo kwa galu ndi kumene kuli gulu lake. Mukasamuka, amakwera lole akugwedeza mchira. Mphaka wapakhomo kholo lake ndi mphaka wakutchire wa mtundu umodzi ndi vumbwe wathuyu, nyama yoyenda yokha, imene moyo wake wonse umadalira kudziwa dera lake: pobisala ndi pati, pothawira ndi pati, mdani amadzera kuti. Ubale wake ndi anthu ndi wakale ndithu. Pa chilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka. Koma chimene chinamukokera m'midzi poyamba si nkhope za anthu ayi, zinali mbewa zimene zinkaboola nkhokwe. Anabwera kudzatsata malo, anthufe anatipeza pomwepo.

Ndiye pali msinkhu. Madokotala a ziweto amawerengera kuti mphaka wa zaka 2 ali ngati munthu wa zaka 24, ndipo chaka chilichonse chowonjezera chili ngati zaka 4 za munthu. Tikatero, Phulusa ndi mdala wa zaka 68. Amene munayesapo kutenga agogo kumudzi kuti adzakhale nanu m'tauni mukudziwa mmene zimathera. Sabata yoyamba amayamikira madzi a pampopi. Yachiwiri amakhala pakhonde duu, maso ali kugeti. Yachitatu amayamba kufunsa za thiransipoti, ati akaone nkhuku. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Komatu agogowo mumawafotokozera kumene akupita, mumawalonjeza tsiku lobwerera, ndipo akatopa amanena. Mphaka simungamuuze kanthu. Iye amangoona kuti dziko lonse limene ankalidziwa lazimiririka tsiku limodzi.

Taganizirani ulendo wokhawo. Kuchoka ku Zomba kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 300, kudzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza. Mphaka amene anadzikodzera pa mphindi 15 za kabaza akhale maola asanu m'katoni, kaya pansi pa mpando wa minibasi pamene pakutentha ngati ng'anjo, kaya kumbuyo kwa lole pakati pa mapoto ogundana. Akafika, mwini wake azichoka m'mamawa kuthamangira minibasi ya kuntchito, kubwera kutada. Tsiku lonse mdala uja ali yekha m'chipinda chotseka, agalu akununkhiza kunsi kwa chitseko.

Wina anganene kuti mantha sapha, azolowera. Kwa mphaka mantha amapha ndithu, kungoti amadzera njira zina. Mphaka akasiya kudya masiku angapo, mafuta a m'thupi amathamangira kuchiwindi n'kuchilemetsa mpaka chimalephera ntchito. N'chifukwa chake madokotala a ziweto sachedwa kuda nkhawa mphaka akangotha masiku awiri kapena atatu osadya. Nkhawa imatupitsanso chikhodzodzo, ndipo kwa mphaka wamphongo ngati Phulusa njira ya mkodzo ingathe kutsekeka. Zikatero, popanda thandizo lamsanga, masiku ochepa okha ndi maliro. Ndiye palinso chitseko. Mphaka wamantha pamalo achilendo amadikira mpata umodzi wokha, pamene mwana wa aneba watsegula kudzabwereka machesi. Akatuluka sadziwa kolowera, ndipo mphaka wachilendo wolira usiku pampanda wa eni ake tonse tikudziwa dzina limene anthu ena amamupatsa. Miyala imayamba kaye, mafunso pambuyo.

Mwana wa mlongo wangayu si munthu wogonja msanga, anatengera kuchimuna. M'mawa mwake ananditumizira nkhani pa WhatsApp yokhudza kafukufuku wa ku Oregon State University ku America, amene Kristyn Vitale ndi anzake anafalitsa mu 2019. Ankaika mphaka m'chipinda chachilendo mphindi 2 ali ndi mwini wake, mphindi 2 ali yekha, kenako mwini wake n'kubwereranso mphindi zina 2. Anapeza kuti amphaka pafupifupi 65 pa 100 alionse ankakhazikika mtima mwini wawo akabwerera, n'kuyamba kuyendera chipindacho mopanda mantha, chiwerengero chofanana ndi cha makanda a anthu kwa makolo awo. Pansi pake analemba mawu awiri okha: "Mwaona, amalume?"

Ndinaona, ndipo sindikutsutsa. Amene amati mphaka sakonda munthu, amangokonda mbale, sanawetepo mphaka. Koma kafukufukuyo anali wa mphindi 6, ndipo amphaka ambiri amene anayesedwa anali ana a miyezi 3 mpaka 8. Sanayese kusamutsa nkhalamba kwamuyaya. Komanso muwerenge mbali inayo ya chiwerengerocho. Mphaka mmodzi mwa atatu alionse sanakhazikike ngakhale mwini wake atabwerera. Ena anabisala, ena anakakamira pamwendo osasuntha. Ndikamuona Phulusa geti likalira, sindikayika kuti akanagwera mbali iti.

Ndipo pali funso limene sindinafune kumufunsa pafoni chifukwa limaluma. Munthu wa Phulusa ndani kwenikweni? Mtsikanayu anakhala zaka zinayi ku koleji ku Mzuzu, kumabwera patchuthi pokha. Mphaka sanafe, sanaonde. Ankamudyetsa ndani? Mlongo wanga yemweyo, amene pagulu amati "chimphaka chanucho" ngati sakuchidziwa. Ine ndinamupezapo akusadzula usipa, mitu akuikira padera m'kambale ka pulasitiki kong'aluka, uku akuyankhula: "Iwe, tasendera uko, upsa. Wadya kale iwe, usandinamize." Phulusa ali phee, maso atatsinzina. Munthu amene mphaka amagona kumiyendo kwake ndi munthu amene tsiku la mphakayo limazungulira pa iye nthawi zina amakhala anthu awiri osiyana.

Apa ndiye ndisiyane ndi mlongo wanga, chifukwa ngakhale tagwirizana kuti mphaka atsale, chifukwa chake sindikuchivomera. Iye akuti, "Mphaka ndi wa nyumba, si wa munthu." Mawu amenewa amamveka anzeru, koma apha amphaka ambiri kuposa amene aphedwa ndi agalu.

Ndinkachita lendi ku Blantyre zaka zapitazo, m'nyumba zija zogundizana za mdadada umodzi. Banja la khomo loyandikana nalo linali ndi mphaka wamkazi wamawangamawanga, wokalamba, mano ena atagweluka. Tsiku lina kunabwera lole. Anakweza zonse, ngakhale chingwe choyanikira zovala anamasula. Nditafunsa za mphaka, bambo wa pakhomopo anaseka: "Ameneyo ndi wa nyumba, achimwene. Azidya makoswe." Mphaka uja anakhala pakhonde, pachitseko chokhoma, tsiku loyamba, lachiwiri, sabata. Akamva galimoto ankadzuka. Makoswe sakanawagwira, chifukwa mphaka amene waleredwa pa mbale zaka zonsezo, miyendo itauma, si mlenje. Kutabwera alendi atsopano, mayi wa m'nyumbamo atangomuona anati sangagone ndi chinthu chimene sakudziwa amene anachituma. Ana anapatsidwa ufulu wa miyala. Ine ndinamuponyera mkute kawiri kapena katatu, n'kumadziuza kuti si wanga. Patatha mwezi ndi theka sanaonekenso. Sindimanyadira nkhani imeneyi.

Nyumba siphika, nyumba siona kuti mphaka watsimphina. Kusiya mphaka kumakhala kwachifundo pokhapokha ngati pakutsala munthu, munthu wodziwika dzina, amene mphakayo amamudziwa ndipo wavomera ndi pakamwa pake. Kunena kuti "alipo anthu pakhomo" sikukwanira, pakuti chiweto cha aliyense chimagona ndi njala. Ngati banja lonse likusamuka, kapena wotsalayo ndi uja amaponya nkhuni mphaka akalowa m'khitchini, pamenepo palibenso zokambirana. Mutengeni, kaya ndi wamantha chotani. Kusamuka kudzamuzunza sabata zingapo, koma kusiyidwa kudzamupha.

Ndipo kumutenga kuli ndi njira yake, osati zija zomuponya m'thumba la feteleza n'kumanga kukamwa. Pezani bokosi lolimba lolowa mpweya, muliike m'nyumba lili chotsegula sabata zingapo ulendo usanafike, muziikamo chakudya kuti asalione ngati msampha. Dokotala wa ziweto angathe kupereka mankhwala otchedwa gabapentin oti amwe maola ochepa musananyamuke. Musayerekeze kumupatsa Panado kapena mankhwala alionse okhala ndi paracetamol poganiza kuti mumuziziritse. Chiwindi cha mphaka sichitha kugaya mankhwala amenewa, ndipo piritsi limodzi lokha lingamuphe. Mukafika, mutsekereni m'chipinda chimodzi momwe muli madzi, beseni la mchenga lodzithandizira, pobisala, ndi chitenje chimene ankagonera, chosachapa. Asatuluke panja kwa sabata ziwiri kapena zitatu, wamantha kupitirira apo, ndipo tsiku loyamba kumutulutsa likhale asanadye kuti njala imubweze. Zimatheka. Amphaka okalamba ambiri asamukapo n'kukhala bwinobwino. Koma zimafuna munthu wokhala pakhomo masiku oyambawo, osati amene akuyamba ntchito yatsopano Lolemba.

Pali chinthu china chimene chinatuluka mkati mwa mkanganowu, chimene kwa ine n'chachikulu kuposa zonse. Pofuna kundionetsa kuti Phulusa sangakhale popanda iye, mtsikanayu anati miyezi yapitayi mphakayo wayamba kulira pakati pa usiku, akumwa madzi pafupipafupi mpaka kukanyambita pampopi, ndipo msana wayamba kuoneka mafupa. Iye ankaona ngati mphaka wanunkhiza za ulendo. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo mphaka wamkota naye salira pachabe. Ludzu losatha ndi kuonda kwa mphaka wa msinkhu umenewu kawirikawiri zimaloza ku impso, ku matenda a shuga, kapena ku chithokomiro chimene chikugwira ntchito mopyola muyeso, chomwenso chimamuchititsa kukhala wosakhazikika ndi wolira usiku. Nyamakazi imagwira amphaka okalamba ochuluka zedi, kungoti sadandaula, amangosiya kukwera pamene ankakwera. Matenda a impso amabweranso ndi kuthamanga kwa magazi, kumene kungathe kuwononga maso. Zambiri zimene timazitcha mantha a ukalamba ndi ululu, kugontha kapena khungu limene likubwera pang'onopang'ono.

Mphaka amene maso akuchita chidima amayenda m'nyumba mwake ndi chikumbumtima cha mapazi ndi mphuno. Amadziwa kuti kuchoka pabedi kukafika pambale ndi njira iti, sitepe ya pakhonde ili pati. Anthu a m'nyumbamo sazindikira n'komwe kuti saona bwino. Mukamusamutsa, mwamuchititsa khungu kachiwiri.

Ndivomere kuti pomwepa ndi pamene mfundo ya mdani wanga ili ndi mano. Ku Lilongwe kuli chipatala cha ziweto cha bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA ndi madokotala ena oti angapime magazi a mphaka, zimene si boma lililonse lili nazo. Akanati, "Amalume, ndikumutenga kuti akhale pafupi ndi dokotala," ndikanakanda mutu. Koma Blantyre ili pamtunda wa makilomita osakwana 70 kuchoka ku Zomba, ndipo nakonso kuli madokotala a ziweto. Tsiku limodzi loipa, kupita ndi kubwerera pagalimoto ya munthu, madzulo n'kugona pamalo ake akale, n'losiyana kutali ndi kumulanda zonse. Ndinamuuza kuti malipiro ake oyamba ayambire pamenepo.

Pakuti kusiya mphaka si kuthana naye. Akadali wako. Mwezi ukatha, kandalama ka usipa ndi mankhwala kazilowa pa Mpamba kapena Airtel Money ya amayi osadikira kukumbutsidwa. Tsiku la katemera uzilikumbuka ndiwe. Ndipo mukambirane pasadakhale, nkhope zikuonana, zimene mudzachite tsiku limene adzalephere kudzuka, kuti amayi asadzasenze okha chisankho chimenecho uku akuopa kukuimbira.

Chimene sindinamuuze, ndipo mwina awerenga pano n'kukwiyanso, n'chakuti ndikudziwa amene akuopa kwambiri pa awiriwa. Kuchoka pakhomo pa makolo koyamba n'kowawa. Masana umadzitama kuti wakula, usiku umamva mawu a anthu osawadziwa kuseri kwa khoma ndipo nsima ya munthu mmodzi siikoma. Ine pochoka kwathu ndinanyamula wailesi ya bambo yosweka chivundikiro, osati chifukwa inkamveka bwino, koma kuti m'chipinda mukhale kanthu kakwathu. Wailesi sinavutike nazo. Mtsikanayu akufuna kanthu kofunda, kopuma, kodziwa dzina lake, koti akatsegula chitseko madzulo kamulandire. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Koma mtengo wa chitonthozo chimenecho angaulipire ndi mdala wa zaka 68 amene sanafunsidwe. Nditamuuza kuti akakhazikika akatenge kamwana ka mphaka konko, poti osowa pokhala ndi ambiri, anandiyankha kuti, "Amalume, mphaka si foni yoti mungosintha." Pamenepo anandigonjetsa, ndinangoti chabwino.

Lole inanyamuka Loweruka m'mawa. Phulusa sanatsanzike, anali pansi pa bedi chiyambire pamene anyamata anayamba kutulutsa katundu, ndipo bedilo litanyamulidwa anathawira kuseri kwa kabati. Mtsikana uja anagwada pamenepo nthawi yaitali akuyankhula motsitsa, dalaivala akuliza hutala panja. Potuluka anavula chitenje chimene anamanga m'chiuno, n'kuchiyala pakona pamene panali bedi, ndipo anapempha amayi ake kuti asachichape.

Mlongo wanga anandiimbira Lachitatu kudzadandaula. "Achimwene, mwana wanuyu ndiye wandipatsa ntchito. Ine ndizisunga nsalu yakuda m'nyumba chifukwa cha chimphaka?" Ndinafunsa ngati wachapa. Anati ayi, sanapeze nthawi, komanso chimphakacho chagonapo, achichotse bwanji. Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa munthu wa galimoto amene akupita ku Blantyre sabata yamawa, woyendetsa bwino, wosakonda hutala.